Anandichotsa ntchito pakamwa, ine n'kukadandaula ku Leba

Munthu akachotsedwa ntchito kuno kwathu, malangizo oyamba amene amalandira kwa abale ndi akuti apirire, Mulungu ndiye adzaweruze. Ena amati dikira kaye mtima wa abwana uzizire, mwina akuitananso. Enanso amakutonthoza ndi mawu akale aja akuti mlandu suwola. Onsewa ndi anthu okufunira zabwino, ndipo ine ndinawamva onse. Koma pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo, lamulo la zantchito la mu 2000 linaika malire. Ndime 62 ya lamuloli imakupatsa miyezi 3, kuwerengera kuyambira tsiku lomwe wachotsedwa, kuti ukadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lako, kuja timangoti ku Leba. Ndikulemba izi chifukwa ndaona anthu ambiri miyezi imeneyi ikuwathera ali pakhomo, akudikira foni ya abwana yomwe siidzalira.

Ndinagwira ntchito zaka 7 pa holoselo ina m'tauni mwathu. Ndinayamba ngati wonyamula katundu, kenako anandipatsa makiyi a nyumba yosungiramo katundu, ndipo ntchito yanga inali kulandira zomwe malole abweretsa, kulemba m'buku, ndi kutulutsa zomwe ogulitsa kutsogolo apempha. Kalata yondilemba ntchito sanandipatse. Nditaifunsa chaka choyamba anati ibwera, ndipo panalibe mnzanga ndi mmodzi yemwe amene anali nayo, choncho tonse tinkangoti ndi mmene zimakhalira.

Tsiku lina titawerenga katundu kumapeto a mwezi, anapeza kuti makatoni ena a mafuta ophikira sakuoneka. Makiyi a nyumba ija tinali nawo anthu atatu: ine, amanijala, ndi mphwake wa mwini sitolo. M'mawa mwake amanijala anandiitana pakhomo la ofesi yawo, osandiuza n'komwe kuti khala pansi. Anati ndisiye makiyi ndi yunifolomu, ndizipita, ndipo malipiro a mwezi umenewo alowa m'malo mwa mafuta osowawo. Ndinati, "Abwana, bwanji tione kaye m'buku limodzi, chilichonse chotuluka ndimalemba." Anati zokamba palibe, ndiyamike kuti sanandiitanire apolisi. Zonsezi zinachitika makasitomala akuonerera.

Amene sanachotsedwepo ntchito ndi dzina la wakuba sangadziwe kulemera kwake. Njala ndi ina, koma manyazi amakutsekera m'nyumba. Sindinkafuna kudutsa pamsika masana. Mayi a kunyumba ankagulitsa mandasi ndi tomato pakhomo, ndipo ndi zimenezo zomwe tinkadyera, lendi ikudikira, ana awiri ali pasukulu.

Amene ananditulutsa m'nyumba ndi mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire amene kale anali kalaliki pa esiteti ya fodya. Atamva nkhani yanga sanataye nthawi ndi kundipepesa. Anafunsa tsiku lomwe ndinachotsedwa, n'kuwerenga pa zala, kenako anati, "Mwana wanga, nthawi ikadalipo koma ikutha. Mawa lomwe pita ku Leba. Kumeneko safunsa ngati uli ndi loya, safunsa sukulu unalekezera pati." Ndinawauza kuti ndilibe kalata iliyonse yosonyeza kuti ndinkagwira ntchito kumeneko. Anati nditenge chilichonse chomwe chili ndi dzina langa ndi dzina la sitoloyo, ngakhale kapepala kong'ambika.

Usiku umenewo ine ndi mayi a kunyumba tinafufuza m'nyumba monse. Tinapeza zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Mu foni munali mauthenga a ndalama za pamwezi, chifukwa zaka zomaliza ankatilipira pa foni, ndipo uthenga uliwonse unali ndi tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi dzina la wotumiza. Pa WhatsApp panali mauthenga a amanijala ondiuza kuti ndifike m'mamawa kudzalandira lole, ena a Lamlungu. Panali makope a mapepala obwera ndi katundu omwe ndinasaina ine pamwamba pa chidindo cha sitolo. Panali chithunzi cha pa Khrisimasi tili mu yunifolomu kutsogolo kwa sitolo. Panalinso kapepala ka nambala yanga ya penshoni. Zonsezi tinaziika mu envulopu imodzi, ndipo mauthenga a mu foni ndinakawasindikiza papepala kuti foni ikatayika umboni usatayike nawo.

Ofesiyo inali ya zipinda zochepa, pakhonde pali benchi. Anthu amene ndinawapeza pa benchipo ndimawakumbukirabe. Panali mayi wantchito ya m'nyumba amene sanalipidwe miyezi ingapo, abwana ake n'kumuuza kuti chakudya chomwe amadya pakhomopo ndiwo malipiro. Panali alonda atatu a kampani imodzi, ali ndi nkhani ya ovataimu. Panali mnyamata wa pachigayo dzanja litakulungidwa bandeji. Panali mtsikana amene anachotsedwa pa saluni mimba itangoyamba kuoneka. Palibe amene anavala suti. Ndinakhala nawo pamzere, ndipo kwa nthawi yoyamba chichotsedwereni ndinasiya kudziona ngati munthu wa tsoka lakelake.

Amene anandilandira anali mayi wa zaka zapakati, wolankhula modekha koma wosazungulira. Anatsegula buku lalikulu n'kunena kuti, "Bambo, yambirani tsiku lomwe munayamba ntchito, osati tsiku la mkangano." Ine mtima unali pa mafuta aja, ndinkafuna ndilumbire kuti sindinabe. Iwo ankangondibwezera ku mafunso awo. Munayamba liti? Munkalandira zingati, ndipo pamwezi kapena pasabata? Munkagwira masiku angati pasabata, kuyamba nthawi yanji, kuweruka nthawi yanji? Tchuthi munapita liti komaliza? Anakupatsani kalata yokuchotsani? Asanakuchotseni, anakuitanani kuti mudziteteze pa mlandu umene amakunenaniwo? Funso lomalizali analifunsa kawiri, ndipo nditati ayi, analemba n'kudula mzere kunsi kwake.

Kenako anandifotokozera chifukwa chake. Ndime 57 ya lamuloli ili ndi mbali ziwiri zokhudza nkhani ngati yanga. Yoyamba imati wolemba ntchito sangakuchotse popanda chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lako, kagwiridwe kako ka ntchito, kapena mmene bizinesiyo ikuyendera. Yachiwiri imati ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, uyenera kupatsidwa mpata woyankha zomwe akukunenazo asanakuchotse. Ndipo ndime 61 imaika katundu pamutu pa wolemba ntchito: iyeyo ndiye ayenera kusonyeza chifukwa chomwe anakuchotsera, ndi kuti anachita mwachilungamo. Akalephera, lamulo limatenga kuti unachotsedwa mopanda chilungamo. Ine ndinafika ndikuganiza kuti ndiyenera kubweretsa umboni woti sindine wakuba. Mayi aja anati, "Ayi bambo, amene akunena kuti munaba ndiye abweretse umboni wake."

Ndalama sanandilipiritse, ngakhale tambala. Ndikunena izi chifukwa pali anthu amene amaima panja pa maofesi a boma n'kumati akuthandiza kuti nkhani yako iyende msanga ukawapatsa kangachepe. Lowani nokha, lankhulani ndi ofisala mwini wake.

Anandilembera kalata yoitana abwana, yokhala ndi tsiku ndi nthawi yokumana, ndipo anandipatsa ine kuti ndikapereke. Apa pali chinthu chimene anthu ambiri amakhumudwa nacho. Amayembekezera kuti ofisala akwera galimoto n'kukagwira abwana pakhosi tsiku lomwelo. Ofesi imene ndinapitako inalibe galimoto pakhomo, ndipo maofisala anali ochepa poyerekeza ndi anthu a pa benchi. Kalata umanyamula wekha. Anandilangiza kuti ndiichite fotokope, ndipite ndi munthu wina, ndipo wolandirayo asaine pa kope langa ndi kulemba tsiku. Ndinapita ndi mlamu wanga. Amanijala anailandira akuseka, n'kunena kuti a Leba amawadziwa onse. Mawu amenewa anandilowa mumtima, ndipo usiku sindinagone. Patapita nthawi ndinaona kuti ndi mawu amene mabwana ambiri amanena pofuna kuti ugwe mphwayi usanayambe n'komwe.

Tsiku loyamba sanabwere. Ndinakhala pa benchi mpaka masana. Mayi aja analemba kalata ina, ya mawu olimba kuposa yoyamba, yonena kuti akapanda kubwera nkhaniyi aitumiza kukhoti. Ulendo wotsatira anabwera amanijala ndi munthu wowerengera ndalama za sitolo.

Kukumana kumeneku si khoti. Palibe wolumbira, palibe woweruza. Mumakhala mozungulira tebulo limodzi, ofisala pakati, aliyense n'kupatsidwa nthawi yake. Amanijala anayamba ndi kunena kuti ine ndinali waganyu chabe, wosalembedwa. Ndinatsegula envulopu ija n'kuyala mapepala patebulo. Mayi aja anatenga mauthenga a malipiro n'kuwawerenga mokweza, mwezi ndi mwezi, kenako anafunsa kuti, "Bambo manijala, ganyu wamtundu wanji wolipidwa mwezi uliwonse, wosunga makiyi, wodulidwa penshoni?" Anawonjezera kuti ndime 27 imalamula wolemba ntchito kupereka kwa wantchito chikalata cholongosola ntchito yake, malipiro ake ndi maola ake pasanathe mwezi chiyambireni ntchito, ndipo kusowa kwa chikalatacho ndi mlandu wa sitolo, osati wa ine. Nkhani ya uganyu inathera pomwepo.

Atalowa ku mafuta aja, anafunsa ndani ankasunga makiyi. Amanijala anavomera kuti tinali atatu. Anafunsa ngati awiri enawo anafunsidwa. Ayi. Ngati buku la katundu analiona. Anati likadali ku sitolo. Ngati anandiitana kuti ndidziteteze, ngati pali zolembedwa za kukumana koteroko. Amanijala anati wakuba sayenera notisi, lamulo lomwelo limalola kumuchotsa nthawi yomweyo. Mayi aja anavomera kuti ndime 59 imalola kuchotsa munthu popanda notisi ngati wapalamula mlandu waukulu, koma anati zimenezo sizichotsa ufulu wa munthu womvedwa, ndipo kukayikira munthu si umboni. Sanakweze mawu, sananyoze munthu. Ine ndinkangomvetsera, manja akunjenjemera pansi pa tebulo. Kwa zaka 7 ndinali ndisanaonepo munthu akufunsa amanijala funso iwo n'kusowa choyankha.

Kenako anatenga pepala n'kuyamba kuwerengera, chinthu chimodzichimodzi. Ndikufuna ndichedwepo apa, chifukwa ambiri tikachotsedwa timangofunsa za "ndalama zanga" osadziwa kuti zili m'magulu osiyana, ndipo abwana akakupatsa gulu limodzi umaganiza kuti zatha.

Choyamba ndi malipiro a masiku omwe unagwira kale. Amenewa ndi ako ngakhale utachotsedwa pa chifukwa chomveka, ndipo lamulo limati aperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Abwana sangangowalanda okha chifukwa aganiza kuti wawaonongera katundu. Chachiwiri ndi tchuthi chomwe sunapite. Wogwira masiku 6 pasabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pachaka, wogwira masiku 5 ali ndi 15, ndipo masiku omwe atsala ntchito ikamatha amasanduka ndalama. Chachitatu ndi notisi. Wolipidwa pamwezi ayenera kuchenjezedwa kutatsala mwezi umodzi, apo ayi alandire malipiro a mwezi m'malo mwake. Chachinayi ndi ovataimu. Maola a ntchito pasabata sayenera kupitirira 48. Ola lowonjezera pa tsiku wamba limalipidwa kamodzi ndi theka, la pa tsiku lako lopuma kapena pa holide ya boma limalipidwa kawiri. Pa ovataimu ndinapindula pang'ono chabe, pa masiku okhawo omwe mauthenga a WhatsApp ankasonyeza, chifukwa ku sitolo kunalibe buku losainamo pofika ndi poweruka. Amene mukadali pa ntchito, gulani kakope kakang'ono muzilemba nthawi yofika ndi yoweruka tsiku lililonse. Sikadula, ndipo pa tebulo lija kamalankhula kuposa kulumbira.

Zotsala ziwiri ndiye zikuluzikulu. Pali ndalama zija amati severance, zomwe kuyambira pamene lamulo linakonzedwanso mu 2010 zimaperekedwa ngati wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena yagwa m'mavuto a zachuma, kapena ngati wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha ntchito mwakufuna kwake salandira zimenezi. Kawerengedwe kake ndi aka: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, masabata 3 pa chaka chilichonse kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka chilichonse choposera apo. Kwa ine wa zaka 7, zinali masabata 10 kuphatikiza 6, onse pamodzi 16. Ndiye pali chipukuta misozi cha kuchotsedwa mopanda chilungamo, cha mu ndime 63. Khoti likhoza kulamula kuti ubwerere pa ntchito, kapena kuti ulipidwe ndalama zomwe laona kuti n'zoyenera, koma zisachepere mlingo woikika: sabata imodzi pa chaka chilichonse ngati wagwira zaka zosapitirira 5, masabata 2 ngati wagwira zaka zoposa 5 mpaka 10, masabata 3 mpaka zaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka chilichonse ngati wapitirira zaka 15.

Wowerengera ndalama uja ataona pepalalo anapempha kuti atuluke panja ndi amanijala akaimbe foni. Atabwerera anati sitolo ivomera kupereka malipiro a mwezi uja, masiku a tchuthi, ovataimu yooneka ija, ndi mwezi wa notisi, koma ndisaine kuti nkhani yonse yatha ndipo sindidzafunanso kanthu kwina kulikonse. Ndalamazo anali nazo m'chikwama. Kunyumba ufa unali utatsala wochepa, ndipo eni nyumba anali atandipatsa kale tsiku. Sindibisa, dzanja linkafuna cholembera.

Chimene mayi aja anachita ndi chimene chimandichititsa kuuza aliyense kuti asakambirane ndi abwana ali yekha. Sanandisankhire. Anati, "Bambo, ufulu ndi wanu. Koma mudziwe kuti mukasaina mawu amenewa mwasiya severance ndi chipukuta misozi. Malipiro anu ndi tchuthi si mphatso yoti mugule ndi siginecha, n'zanu kale." Anatembenukira kwa enawo n'kuwauza kuti zomwe sakutsutsa apereke lero, zomwe akutsutsa zipita kukhoti. Panali kukokana, koma pomaliza anapereka malipiro, tchuthi ndi ovataimu, ndipo pepala lomwe ndinasaina linatchula ndalama iliyonse ndi dzina lake, popanda mawu akuti zonse zatha. Notisi anaibweza m'chikwama.

Apa ndi pomwe mphamvu za ofesi ya Leba zimalekezera pa nkhani ngati yanga, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Ofisala amayanjanitsa, amalongosola lamulo, amawerengera, amalemba zomwe mwagwirizana. Koma abwana akaumirira kuti anakuchotsa mwachilungamo, wogamula ndi khoti. Lamulo limati ofisala akalephera kuthetsa nkhani pakatha mwezi, ikhoza kupita ku bwalo la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, lomwe limayendetsedwa ndi lamulo la mu 1996 loona za ubale wa antchito ndi owalemba. Bwaloli lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mayi aja anandilembera kalata yonditumiza kumeneko, yolongosola zomwe tinakambirana ndi zomwe zinakanika. Ena amati ngati mapeto ake ndi kukhoti, kuvutikiranji ndi ku Leba. Ine ndimati kalata imeneyo ndi imene imakutsegulira khomo, ndipo zomwe amanijala anavomera pa tebulo lija, zoti makiyi tinali nawo atatu ndi zoti sanandimve, zinali zitalembedwa kale ndi munthu wa boma.

Kubwalo kuja ndinadzaza fomu yoyambira mlandu, amati IRC Form 1, pomwe umalemba dzina lako, la wokulemba ntchito, zomwe zinachitika ndi zomwe ukupempha. Loya ndinalibe, ndipo munthu ukhoza kudziimira wekha. Amene akufuna loya koma alibe ndalama akhoza kukafunsa ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu, ndipo amene ali mu yuniyoni ayambire kwa atsogoleri a yuniyoni yawo. Mlandu usanafike pamaso pa woweruza pamakhala kukumana kwina, komwe mbali zonse zimaona zomwe zikugwirizana ndi zomwe zikutsutsana. Kukhoti kumafuna kudekha, miyezi imadutsa, ndipo thiransipoti imadya ndalama. Pa nthawi imeneyo ndinkapalasa kabaza ya mlamu wanga kuti pakhomo pasazime moto.

Sitolo inabwera ndi loya. Iyeyo atawerenga kalata ya ku Leba anapempha kuti tikambirane. Tinagwirizana kuti apereke notisi, severance yonse ya masabata 16, ndi chipukuta misozi chochepera pa chomwe ndinapempha. Mgwirizanowo unalembedwa ndi kusainidwa kubwalo komweko, kuti akapanda kulipira ndikhale ndi pogwira. Analipira m'magawo awiri. Pali anzanga amene anati ndikanalimbikira mpaka chigamulo ndikanapeza zambiri. Mwina n'zoona. Ine ndinaona ana, ndinaona ngongole ya ku banki mkhonde ya mayi a kunyumba, n'kuvomera ndi maso otseguka, ndikudziwa chomwe ndikusiya. Kumeneko n'kosiyana kwambiri ndi kusaina pepala lomwe sukulimvetsa uli chiimire pakhomo la ofesi ya abwana.

Nkhani ya penshoni inayenda njira yake. Lamulo la penshoni lomwe linayamba mu 2011 linalamula kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ako, iwe 5 peresenti. Nditapita ku kampani yosunga penshoni ndi nambala yanga ija, ndinapeza kuti kwa miyezi yambiri ankandidula koma ndalamazo sizinkafika. Ku Leba anandiuza kuti madandaulo otere amaonedwanso ndi ofesi yoyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi, ndipo anandithandiza kulemba kalata. Ngati pa malipiro anu amadula penshoni, musadikire kuchotsedwa. Pitani mukapemphe sitetimenti chaka chino, muone ngati zomwe akudulazo zikufika.

Ndipo ofesiyi si ya ochotsedwa okha. Mnyamata wa pachigayo uja anabwera chifukwa lamulo la mu 2000 la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito limayendetsedwa kudzera m'maofesi omwewa: ngozi imalembedwa, dokotala amayeza kukula kwa chilema, ndalama n'kuwerengeredwa potengera zimenezo. Abwana ake ankafuna kungomulipirira kuchipatala n'kutseka nkhani. Mtsikana wa pa saluni anauzidwa kuti mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata osachepera 8, cholipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka 3 zilizonse, ndipo kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi mlandu. Kuyambira mu 2021 abambo nawonso ali ndi masabata 2 mwana akabadwa. Wodwala amene wagwira ntchito chaka chathunthu ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka, akakhala ndi kalata ya dokotala. Malipiro ochepetsetsa ololedwa ndi boma amasintha: mu 2021 anali K50,000 pamwezi, mu 2024 anafika K90,000, ndipo anakweranso pambuyo pake, pomwe antchito a m'nyumba ali ndi mlingo wawo wapadera. Mlingo wa lero mukaupeza ku ofesi komweko, ndipo kufunsa sikutanthauza kuti mwasumira munthu.

Zimandipweteka kwambiri ndikaganiza za antchito a m'nyumba, alonda ndi a m'maesiteti, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti lamuloli ndi la anthu a m'maofesi. Malamulo aakulu a dziko lino, mu ndime 31, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Sanasiyanitse wosesa ndi wokhala pa kompyuta. Ndipo ife amene tili ndi mtsikana kapena mnyamata wotithandiza pakhomo, lamulo lomweli likutiyang'ana. Sizingatheke kulira kuti abwana atipondereza ku sitolo, ife n'kumapereka kwa wantchito wathu ndalama yosagula ngakhale thumba la chimanga.

Mantha aakulu a amene akadali pa ntchito ndi akuti akakadandaula adziwika n'kuchotsedwa. Maofisala a zantchito ali ndi mphamvu yolowa pamalo a ntchito osachenjeza, kuona mabuku a malipiro ndi kufunsa antchito paokha, ndipo lamulo limawaletsa kuulula amene anakawatsina khutu. Limanenanso kuti kukadandaula kapena kukhala mu yuniyoni si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Sindikunena kuti mabwana onse amamvera zimenezi, ndipo ndikudziwa kuti m'tauni yaing'ono nkhani imayenda. Mukakhala angapo ndi vuto limodzi, pitani pamodzi ngati alonda atatu aja, chifukwa kuchotsa munthu mmodzi mwakachetechete n'kosavuta kuposa kuchotsa gulu lomwe dandaulo lake lili kale m'buku la boma. Anzanga amene ndinawasiya pa holoselo paja anandiuza kuti nkhani yanga itatha aliyense anapatsidwa kalata ya ntchito, ndipo pakhomo anaikapo buku losainamo.

Chinthu chomaliza chimene ndinapempha, mayi aja atandikumbutsa, ndi satifiketi yosonyeza kuti ndinagwirapo ntchito. Ndime 31 ya lamulo la zantchito imati ntchito ikatha, mwa njira iliyonse, iwe ukapempha, wolemba ntchito apereke chikalata chotchula dzina lake, dzina lako, ntchito yomwe unkagwira, nthawi yomwe wagwira ndi malipiro ako. Chifukwa chochokera pa ntchito amalembapo pokhapokha iwe mwini utapempha. Sitolo inkazengereza, choncho ndinaonetsetsa kuti chikalatachi chalowa mu mgwirizano wa kubwalo uja, ndi tsiku loperekera. Ndi chimene ndinaonetsa pamene ndinkafunsira ntchito yosunga katundu pa depoti ina ya zipangizo zomangira, komwe ndikugwira pano, ndipo kalata yondilemba ntchito ndinaipempha sabata yoyamba.